Anthony Nesty: katswiri wosambira wa ku Suriname amene anadzakhala mphunzitsi wa timu ya America

Pa 21 Seputembala 1988, mumzinda wa Seoul ku South Korea, mnyamata wa zaka 20 anakhudza khoma la dziwe losambiriramo patatha masekondi 53.00 chiyambire mpikisano wa mamita 100. Matt Biondi wa ku United States, yemwe anthu ambiri ankayembekezera kuti apambana, anakhudza khomalo pa masekondi 53.01. Mnyamatayo anali Anthony Nesty wa ku Suriname, ndipo mendulo ya golide imene analandira tsiku limenelo ndi yokhayo ya golide imene dziko lake lapezapo pa masewera a Olimpiki kufikira lero.

Patapita zaka 36, pa masewera a Olimpiki a ku Paris mu 2024, Nesty yemweyo anaima m'mbali mwa dziwe atavala yunifolomu ya dziko la United States. Pa nthawiyi anali mphunzitsi wamkulu wa timu ya amuna ya dziko limene analilanda golide uja, ndipo anali munthu wakuda woyamba kupatsidwa udindo umenewu. Pakati pa masiku awiriwa pali zaka zambiri za ntchito yosaoneka, yomwe siinkalembedwa m'nyuzipepala, ndipo ndi zaka zimenezi zimene zimafotokoza bwino mmene munthu wodziwa kusambira amasandukira munthu wodziwa kuphunzitsa anzake. Ntchito ziwirizi n'zosiyana, ndipo akatswiri ambiri amene anachita bwino pa yoyambayo sanaphule kanthu pa yachiwiri.

Mwana wa dziko laling'ono

Nesty anabadwa pa 25 Novembala 1967 mumzinda wa Port of Spain ku Trinidad and Tobago, ndipo anali chitsirizira m'banja la ana asanu. Makolo ake anasamukira ku Suriname iye akadali khanda. Dzikoli lili kumpoto kwa South America, pakati pa Guyana ndi French Guiana, ndipo kumwera kwake kuli Brazil. Gawo lalikulu la dzikoli ndi nkhalango, kotero kuti anthu ambiri amakhala m'mphepete mwa nyanja, makamaka mumzinda wa Paramaribo. Linali pansi pa ulamuliro wa dziko la Netherlands mpaka pa 25 Novembala 1975, tsiku lomwe Nesty ankakwanitsa zaka zisanu ndi zitatu. M'zaka za m'ma 1980 chiwerengero cha anthu ake chinali pafupifupi 400,000, chomwe n'chochepa poyerekeza ndi anthu okhala mumzinda wa Lilongwe kapena Lusaka lero.

Zaka zimenezo sizinali zamtendere. Mu 1980 asilikali motsogozedwa ndi Desi Bouterse analanda boma, mu Disembala 1982 anthu 15 otsutsa ulamulirowo anaphedwa, ndipo kuyambira 1986 kunabuka nkhondo yapachiweniweni m'madera a kunkhalango. Dziko lotere silikhala ndi ndalama kapena mtima wosamalira masewera ofuna zipangizo zodula monga kusambira.

Nesty anayamba kusambira ali ndi zaka zisanu, ndipo anakula akupikisana ku Suriname konko ndi m'zilumba za ku Caribbean. Ali ndi zaka 16 anaimira dziko lake pa masewera a Olimpiki a ku Los Angeles mu 1984, kumene anathera pa nambala 21 pa mpikisano wa mamita 100 wa kasambiridwe kotchedwa butterfly. Nambala imeneyi siyopatsa mendulo, koma kwa mnyamata wa msinkhu wotere, wophunzitsidwa kwawo, inasonyeza kuti luso linalipo ndipo chimene chinkasowa ndi malo olikulitsira.

Malo amenewo anawapeza ku Bolles School, sukulu ya sekondale ya mumzinda wa Jacksonville m'chigawo cha Florida, yomwe imadziwika chifukwa cha timu yake yosambira. Mphunzitsi wa kumeneko anali Gregg Troy, ndipo dzina limeneli liyenera kukumbukiridwa chifukwa likubweranso m'nkhaniyi. Ali pansi pa Troy, Nesty anaphwanya rekodi ya ana asukulu ya butterfly yomwe inali m'manja mwa Pablo Morales. Mu 1987, pa masewera a Pan American Games a ku Indianapolis, anapata golide pa mamita 100 ndi buronzi pa mamita 200. Choncho pamene ankafika ku Seoul, aphunzitsi ndi osambira anzake ankamudziwa. Amene anadabwa ndi kupambana kwake anali oonera wailesi ya kanema, osati anthu a m'mbali mwa dziwe.

Mamita awiri omaliza

Kuti munthu amvetse zimene zinachitika ku Seoul ayenera kudziwa kaye malamulo a butterfly. Dzinali m'Chingerezi limatanthauza gulugufe, chifukwa wosambirayo amatulutsa manja onse awiri pamwamba pa madzi nthawi imodzi ngati mapiko, n'kuwaponya kutsogolo, kenako n'kukoka madzi mpaka m'chiuno. Miyendo nayo imamenya madzi pamodzi, osati mosinthana. Kasambiridwe kameneka kanachokera ku breaststroke, ndipo bungwe loyendetsa masewerawa pa dziko lonse linalekanitsa mitundu iwiriyi mu 1952. N'kotopetsa kuposa mitundu ina chifukwa thupi lonse liyenera kunyamuka pa kuponya manja kulikonse, ndipo munthu akatopa chiuno chimamira, liwiro n'kugwa msanga.

Lamulo lina ndi lakuti pothera wosambira akhudze khoma ndi manja onse awiri nthawi imodzi. Apa ndi pamene pagona vuto. Pa freestyle, pamene manja amasinthana, dzanja limodzi limakhala lili pafupi ndi khoma nthawi zonse. Pa butterfly manja amafika kutsogolo kamodzi kokha pa mamita awiri kapena kuposerapo pang'ono. Ngati khoma lapezeka pakati pa kuponya manja kuwiri, wosambirayo ali ndi njira ziwiri: kutambasula manja n'kuyandama mpaka akafike, kapena kuponyanso manja mwachidule ndi mwachangu. Njira yoyamba imaoneka yachidule koma thupi likasiya kukoka madzi liwiro limatsika nthawi yomweyo. Njira yachiwiri imasunga liwiro koma manja amayenda ulendo wautali. Zonsezi munthu amasankha m'kanthawi kosakwana sekondi, mapapo akupsa.

Biondi anafika ku Seoul atalembetsa mipikisano isanu ndi iwiri, ndipo atolankhani ankamuyerekeza ndi Mark Spitz amene anapata mendulo za golide zisanu ndi ziwiri ku Munich mu 1972. Chiyembekezo chimenecho chinali chitafa kale pamene anathera pachitatu pa mamita 200 a freestyle, omwe anapambana ndi Duncan Armstrong wa ku Australia. Pa butterfly zinthu zinkaoneka zomuyendera. Pablo Morales, mwini rekodi ya dziko lonse ya masekondi 52.84, anali atalephera kulowa m'timu ya United States chaka chimenecho. Biondi anatsogola pafupifupi mpikisano wonse. Atatsala pang'ono kufika, khoma linamupeza pakati, ndipo anasankha kuyandama. Nesty, yemwe ankabwera pambuyo, anafika pakhomalo manja ake ali pa liwiro. Andy Jameson wa ku Britain anakhala wachitatu.

Kusiyana kwa awiriwa kunali gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi. Munthu wosambira mamita 100 pa masekondi 53 amayenda pafupifupi mamita 1.9 pa sekondi iliyonse, kutanthauza kuti golide ndi siliva zinalekanitsidwa ndi mtunda wosakwana masentimita awiri, wofanana ndi kansonga ka chala. Diso la munthu silingaone zimenezi. Chimene chimaweruza ndi chipangizo chamagetsi chopyapyala chomatidwa pakhoma la mzere uliwonse, chomwe chimaimitsa wotchi chikakanikizidwa ndi dzanja. Zipangizozi zinayamba kugwiritsidwa ntchito pa Olimpiki mu 1968, ndipo zimapangitsa kusambira kukhala amodzi mwa masewera ochepa amene wopikisanayo amadziimitsira yekha wotchi. Mu 1972 Gunnar Larsson wa ku Sweden anapatsidwa golide pomuposa Tim McKee wa ku United States ndi magawo awiri mwa magawo 1,000 a sekondi, ndipo pambuyo pake lamulo linasinthidwa kuti nthawi iziwerengedwa mpaka pa magawo 100 basi. Choncho Nesty anapambana ndi kusiyana kochepetsetsa kumene malamulo amalola. Kukanachepa kuposa apo, awiriwa akanagawana golide.

Nkhani ya khoma imeneyi yabwerezeka kangapo. Ku Beijing mu 2008, pa mpikisano womwewu, Milorad Čavić wa ku Serbia anayandama pamene Michael Phelps anaponyanso manja, ndipo Phelps anapambana ndi gawo limodzi lomwelo mwa magawo 100. Ku London mu 2012, pa mamita 200, amene anayandama anali Phelps, ndipo Chad le Clos wa ku South Africa anamupitirira pakhoma penipeni. Ena amati zoterezi ndi mwayi. Mwayi ulipo ndithu, koma aphunzitsi amathera maola ambiri akuphunzitsa osambira kuwerenga kuponya kwa manja awo ndi kukonza mtunda wotsala akadali kutali ndi khoma, ndipo wosambira amene mphamvu zamuthera sangaponyenso manja ngakhale atafuna. Biondi anabwerera kwawo ndi mendulo zisanu zagolide, imodzi yasiliva ndi imodzi yaburonzi.

Chimene golideyo anatsutsa

Nesty anali munthu wakuda woyamba kupata golide wa Olimpiki pa mpikisano wosambira. Asanabwere iye, Enith Brigitha, wobadwira ku Curaçao koma wosambirira dziko la Netherlands, anapata mendulo ziwiri zaburonzi ku Montreal mu 1976, pa mipikisano imene anapambana ndi osambira a ku East Germany, dziko limene pambuyo pake linadziwika kuti linkapatsa ochita masewera ake mankhwala oletsedwa.

Pa nthawi imeneyo maganizo akuti anthu akuda sanabadwire kusambira ankanenedwa poyera. Mu Epulo 1987, Al Campanis, mmodzi mwa akuluakulu a timu ya baseball ya Los Angeles Dodgers, ananena pa wailesi ya kanema kuti anthu akuda sasambira bwino chifukwa matupi awo sayandama, ndipo mawu ake pa pulogalamu imeneyo anamuchotsetsa ntchito. Chifukwa chenicheni chinali chodziwika kwa aliyense wofuna kuchiona. M'madera ambiri a United States anthu akuda analetsedwa kulowa m'maiwe a boma ndi m'magombe mpaka m'zaka za m'ma 1960, ndipo kholo limene silinaphunzire kusambira kawirikawiri silitengera mwana wake kudziwe. Ku South Africa lamulo la 1953 lolekanitsa malo a chisangalalo potengera khungu linachita chimodzimodzi mpaka linathetsedwa mu 1990. Asodzi a m'nyanja ndi m'mitsinje ya mu Africa akhala akusambira kuyambira kalekale. Chimene mpikisano umafuna ndi dziwe loyezedwa bwino, madzi oyera chaka chonse, mphunzitsi wolipidwa ndi makolo otha kudzuka mbandakucha kwa zaka khumi.

Ngakhale zinali choncho, kupambana kwa munthu mmodzi sikunasinthe zinthu msanga. Panapita zaka 28 kuti Simone Manuel, mu 2016, akhale mkazi wakuda woyamba wa ku United States kupata golide wa Olimpiki pa mpikisano wosambira payekha.

Ku Suriname, Nesty analandiridwa ngati ngwazi. Boma linatulutsa sitampa ndi ndalama zachitsulo zomukumbukira, chithunzi cha wosambira butterfly chinaikidwa pa ndalama ya pepala ya magiluda 25, ndipo holo ya masewera ya ku Paramaribo inatchedwa dzina lake. Kampani ya ndege ya Surinam Airways nayo inapatsa dzina lake imodzi mwa ndege zake. Ndege imeneyi, ya mtundu wa DC-8, inagwa pa 7 Juni 1989 ikuyandikira bwalo la ndege la Zanderij pochokera ku Amsterdam, ndipo anthu 176 anafa, kuphatikizapo osewera mpira a ku Netherlands omwe kwawo kwenikweni kunali ku Suriname. Panali pasanathe miyezi isanu ndi inayi chichitikire chikondwerero cha ku Seoul.

Anthu amene ankati golide wa ku Seoul anali wongogwera anasowa chonena m'zaka zotsatira. Nesty anapambana pa Goodwill Games mu 1990, pa mpikisano wa dziko lonse wa ku Perth ku Australia mu Januwale 1991, ndi pa Pan American Games ya ku Havana chaka chomwecho. Ali wophunzira pa University of Florida, anapambana mpikisano wa makoleji a dziko lonse la United States pa mayadi 100 a butterfly zaka zitatu zotsatizana, kuyambira 1990 mpaka 1992. Ku Barcelona mu 1992 anapata buronzi, pamene golide anapita kwa Pablo Morales, yemwe anali atabwereranso m'madzi atasiya kwa zaka zingapo. Mendulo ziwiri za Nesty ndizo mendulo zonse za Olimpiki zimene dziko la Suriname lili nazo.

Zaka 20 ali wothandizira

Atasiya kupikisana ndi kumaliza maphunziro ake a ku yunivesite mu 1994, Nesty anabwerera ku Jacksonville kukaphunzitsa ana asukulu, ku Bolles komwe anaphunzira ndi ku Nease High School. Mu 1998 analembedwa ntchito ya wothandizira mphunzitsi pa University of Florida mumzinda wa Gainesville, chaka chomwe Gregg Troy nayenso anasamukira kumeneko. Anakhala pansi pa Troy zaka 20. Mu 2006 anakwezedwa kukhala wachiwiri wake, ndipo mpando wa mphunzitsi wamkulu wa timu ya amuna anaupeza mu 2018 Troy atapuma, Nestyyo ali ndi zaka 50. Mu 2021 anapatsidwanso timu ya akazi.

Zaka 20 ndi nthawi yaitali kwa munthu amene dzina lake lili pa holo ya masewera ya dziko lake. Koma ntchito ya uphunzitsi siiphunzirika m'madzi. Katswiri amadziwa thupi limodzi, lake, ndipo zambiri zimene amachita bwino sangathe kuzifotokoza chifukwa sanavutikepo nazo. Mphunzitsi amayang'anira matupi makumi angapo osiyana, ndipo zonse amaziona ali pamtunda, wotchi ili m'manja. Ayenera kukonza ndondomeko ya chaka chonse: miyezi yosambira mitunda italiitali kuti mtima ndi mapapo zilimbe, miyezi yozoloweza thupi liwiro la mpikisano, masiku onyamula zitsulo, kenako masabata ochepa omaliza pamene ntchito imachepetsedwa kuti thupi lipume ndi kufika pachimake tsiku la mpikisano lenilenilo. Gawo lomalizali ndi limene limasiyanitsa aphunzitsi. Akachepetsa ntchito msanga, wosambira amafika mphamvu zitayamba kutsika. Akachedwa, amafika ali wotopa. Ndipo masiku oyenera wosambira wina sayenera mnzake, kotero kuti mphunzitsi amawadziwa pokhapokha atamuona munthuyo kwa zaka zingapo.

Pa koleji ya ku America pali zinanso. Mphunzitsi amayenda kukafunafuna achinyamata aluso ndi kukambirana ndi makolo awo, amagawa ndalama zolipirira maphunziro zomwe zimakhala zochepa, ndipo amaonetsetsa kuti osambira akukhoza m'kalasi chifukwa wolephera saloledwa kupikisana. Komanso mipikisano ya makoleji imachitikira m'dziwe la mayadi 25, omwe ndi mamita osakwana 23, pamene dziwe la Olimpiki ndi la mamita 50. M'dziwe lalifupi munthu amatembenuka kawirikawiri ndipo amapindula podzikankha pakhoma. M'dziwe lalitali mulibe pobisala. Mphunzitsi ayenera kukonzekeretsa munthu mmodzi yemweyo mipikisano iwiri yosiyana m'chaka chimodzi.

Chodabwitsa n'chakuti munthu amene anatchuka ndi mpikisano wa masekondi 53 anadzadziwika kwambiri ngati mphunzitsi wa osambira mitunda italiitali. Pa Olimpiki ya ku Tokyo, yomwe inachitika mu 2021, wophunzira wake Bobby Finke anapata golide pa mamita 800 ndi pa mamita 1,500. Pa mipikisano yonse iwiri Finke sanali patsogolo poyamba mamita 50 omaliza, koma anawapitirira anzake onse asanafike pakhoma. Wophunzira wina, Kieran Smith, anapata buronzi pa mamita 400. Nesty anali ku Tokyo ngati mmodzi mwa othandizira mphunzitsi wa timu ya United States.

Patangopita miyezi yochepa, Katie Ledecky, mkazi amene wapambana kuposa wina aliyense pa mitunda italiitali, anachoka ku Stanford n'kusamukira ku Gainesville kuti aziphunzitsidwa ndi Nesty. Chimodzi mwa zimene anapeza kumeneko ndi anthu othamanga nawo. Kwa zaka zambiri Ledecky analibe mkazi womutsatira pafupi pa mitunda yake, ndipo ku Florida anayamba kusambira tsiku ndi tsiku pamodzi ndi Finke ndi Smith, amuna omwe amamuposa liwiro. Nthawi yomweyo Caeleb Dressel, yemwe anapata mendulo zisanu zagolide ku Tokyo, anachoka m'gulu la Troy n'kulowa m'gulu la Nesty. Akatswiri otere sapatsidwa mphunzitsi, amasankha okha, ndipo amasankha podziwa kuti zaka zawo zopikisana n'zowerengeka.

Paris, ndi mlandu wa mphunzitsi wamkulu

Nesty anatsogolera timu ya amuna ya United States pa mpikisano wa dziko lonse wa ku Budapest mu 2022, ndipo mu Seputembala 2023 analengezedwa kukhala mphunzitsi wamkulu wa amuna pa Olimpiki ya ku Paris, pamene Todd DeSorbo wa ku University of Virginia anapatsidwa timu ya akazi. Mpikisano wosankhira timuyo unachitikira ku Indianapolis, mzinda umene Nesty anapatirako golide wake woyamba wamkulu mu 1987.

Udindowu ndi waulemu waukulu koma mphamvu zake n'zochepa kuposa mmene dzina likumvekera. Mphunzitsi wamkulu sasankha osambira. Amene athera pa nambala yoyamba ndi yachiwiri pa mpikisano wosankhira ndiwo amapita, ngakhale atakhala kuti katswiri wodziwika sanachite bwino tsiku limenelo, monga momwe Morales anatsalira mu 1988. Aliyense amabwera atakonzedwa kale ndi mphunzitsi wake. Chimene mphunzitsi wamkulu amachita ndi kuyendetsa kampu ya masabata ochepa, kusunga mtendere pakati pa anthu omwe chaka chonse amapikisana okhaokha, ndi kusankha anthu anayi osambira pa mipikisano yolandirana komanso ndondomeko yawo. Koma zinthu zikalakwika, amafunsidwa ndi iyeyo.

Ku Paris zinthu sizinayende bwino kwa amuna a ku United States. Anapambana mpikisano wolandirana wa mamita 100 kanayi wa freestyle, koma pa mpikisano wolandirana wa mitundu inayi ya kasambiridwe anagonja kwa China, koyamba chiyambire mpikisanowu mu 1960 kupatula mu 1980 pamene dziko lawo linanyanyala masewera a ku Moscow. Dressel sanalowe n'komwe mu ndime yomaliza ya mamita 100 a butterfly, mpikisano umene anapambana ku Tokyo. Léon Marchand wa ku France anatenga mendulo zinayi zagolide, ndipo chowawa kwa Amereka chinali chakuti mphunzitsi wake anali Bob Bowman, Mmereka amene analera Phelps. Pofika tsiku lomaliza la mipikisano ya m'dziwe, pa 4 Ogasiti, panalibe mwamuna wa ku United States amene anali atapata golide payekha.

Amene anatsala anali Finke. Masiku angapo m'mbuyomo, pa mamita 800, njira yake yodikira mpaka kumapeto inali italephera, ndipo Daniel Wiffen wa ku Ireland anamuposa. Pa mamita 1,500 Finke anachita zosiyana ndi zimene opikisana naye ankamudziwa nazo. Anatsogola kuyambira pachiyambi ndipo sanabwererenso m'mbuyo, n'kumaliza pa mphindi 14 ndi masekondi 30.67, kuphwanya rekodi ya dziko lonse ya Sun Yang wa ku China yomwe inakhala chiyambire 2012. Ledecky naye anapambana pa mamita 1,500 ndi pa mamita 800, ndipo pa mtunda wachiwiriwu kanali kachinayi motsatizana kuyambira 2012. Dziko la United States linamaliza ndi mendulo zisanu ndi zitatu zagolide m'dziwe, imodzi yokha patsogolo pa Australia. Zitatu mwa izo zinachokera kwa anthu awiri amene amasambira m'gulu la Nesty ku Gainesville.

Choncho chigamulo pa ntchito yake ya ku Paris chili pawiri. Timu imene anaitsogolera inachita mochepera mbiri yake, koma anthu amene anawakonza yekha kwa zaka ndi amene anaipulumutsa. Umboni wina unabwera mu Meyi 2025 ku Fort Lauderdale, pamene Ledecky, ali ndi zaka 28, anasambira mamita 800 pa mphindi 8 ndi masekondi 4.12, kuphwanya rekodi yake yomwe anaika ku Rio de Janeiro mu 2016 ali ndi zaka 19. Si kawirikawiri kuti wosambira mitunda italiitali apose nthawi ya utsikana wake patapita zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi.

Phindu limatsalira kuti

Njira imene Nesty anadutsa ndi yodziwika kum'mwera kwa Africa kuno. Penny Heyns wa ku South Africa, amene anapata mendulo ziwiri zagolide ku Atlanta mu 1996, anaphunzira pa University of Nebraska. Kirsty Coventry wa ku Zimbabwe, mwini mendulo zisanu ndi ziwiri mwa zisanu ndi zitatu za Olimpiki za dziko lake, yemwe mu 2025 anasankhidwa kukhala pulezidenti wa komiti ya Olimpiki ya dziko lonse, anakhwimira pa Auburn University. Dziko laling'ono limalera mwana mpaka luso litaoneka, koleji ya ku America imamupatsa dziwe, mphunzitsi ndi maphunziro, ndipo mendulo imalembedwa pa dzina la dziko lobadwira. Mbali zonse zimapindula, ndipo n'kovuta kudzudzula wachinyamata amene wasankha njira imeneyi.

Chimene sichibwerera kawirikawiri ndi nzeru za uphunzitsi. Mendulo imapachikidwa pakhoma, pamene mphunzitsi wabwino amatulutsa osambira atsopano chaka ndi chaka, ndipo amakhala kumene kuli maiwe ndi malipiro. Nesty sanataye ubale ndi Suriname, ndipo ndi iye amene ananyamula mbendera ya dzikolo pa mwambo wotsegulira Olimpiki ya ku Beijing mu 2008. Koma zaka pafupifupi 30 za luso lake la uphunzitsi zathera ku Florida, ndipo opindula nalo ndi amene amatha kufika ku Gainesville.

Mmodzi mwa iwo ndi Josh Liendo wa ku Canada, yemwe anabadwira ku Toronto koma anakhala zaka za ubwana wake ku Trinidad and Tobago, dziko lobadwira Nesty, ndipo anadzalowa m'timu ya University of Florida. Ku Paris, pa mamita 100 a butterfly, Liendo ankapikisana ndi osambira a timu imene mphunzitsi wake wa ku koleji ankaitsogolera. Anapata siliva, kumbuyo kwa Kristóf Milák wa ku Hungary, n'kukhala Mkanada wakuda woyamba kupata mendulo ya Olimpiki pa kusambira. Nthawi yake inali masekondi 49.99. Nesty wa mu 1988 akanakhala m'dziwe limenelo, akanatsala m'mbuyo mwa wophunzira wakeyo ndi mamita pafupifupi asanu ndi limodzi.